Glock yanga yatsopano ikuponya pansi chakumanzere, kodi ndiigulitse?

Funso lachokera kwa m'bale wathu amene akukhala ku Gauteng, m'dziko la South Africa. Akuti: "Nditadikira miyezi yambiri, malaisensi a mapisitolo anga awiri atuluka. Glock 19 ndinaitengera chitetezo, CZ 75 B ndinaitengera masewera owombera chandamale. Loweruka ndinapita nazo koyamba ku renji (malo ophunzirira kuwombera), ndipo ndinawombera zipolopolo 50 pa iliyonse, pa mtunda wa mamita 10. CZ inandisangalatsa, zipolopolo zimagwera malo amodzi. Koma Glock yandikhumudwitsa. Ikuponya pansi chakumanzere, kawiri konse chigoba cha chipolopolo chinakakamira pakamwa pa silaidi (chitsulo chapamwamba chimene chimathamangira kumbuyo mfuti ikalira), china chinandimenya pamphumi, ndipo magazini (kabokosi ka zipolopolo) itatha silaidi sinatsalire kumbuyo. Mnzanga akuti ndisunthe saiti (poyang'anira polunjika chandamale) kapena ndingoigulitsa. Kodi anandigulitsa mfuti yolakwika?"

Achimwene, musaigulitse, ndipo saiti musaikhudze kaye. Zonse zinayi mwatchulazi zimaoneka kawirikawiri kwa munthu amene wangoyamba kumene kugwira Glock, ndipo nthawi zambiri gwero lake limakhala m'manja mwa mwini mfuti. Sindikukuchepetsani ayi. Kungoti zipolopolo 50 za tsiku loyamba zimaulula zambiri za wowombera kusiyana ndi za mfutiyo, ndipo inu munayerekeza mfuti ziwiri zimene sizifanana n'komwe pa kagwiridwe.

Tiyambe ndi chifukwa chimene CZ inakukomerani. Mfuti imeneyi inapangidwa m'chaka cha 1975 ku Uherský Brod, m'dziko limene panthawiyo linkatchedwa Czechoslovakia, ndipo anaijambula ndi abale awiri, Josef ndi František Koucký. Ndi yachitsulo yokhayokha, imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi musanaikemo chipolopolo n'chimodzi chomwe. Glock 19, imene inatuluka mu 1988 ku fakitale ya Gaston Glock ku Austria, thupi lake ndi lapulasitiki wolimba, ndipo ikakhala ndi magazini yopanda kanthu imangolemera pafupifupi magalamu 670. Zonse ziwiri zimadya chipolopolo chimodzimodzi, cha 9 mm. Ndiye mphamvu ya onga ndi yomweyo, koma ina ili ndi chitsulo chambiri chomeza mphamvuyo, pamene ina imaipereka yonse ku dzanja lanu. Kulemerako kumabisanso zolakwika. Chala chikakoka mopotoka, mfuti yolemera imangosuntha pang'ono, yopepuka imatsatira chalacho.

Chachiwiri ndi tiriga, kachitsulo kamene chala chimakoka kuti mfuti iwombe. Ndikukhulupirira kuti CZ munkaiwombera hamala (kachitsulo kakumbuyo kamene kamamenya kuti mfuti ilire) ili kumbuyo, chifukwa mukalowetsa magazini n'kukoka silaidi, hamala imatsala yokokedwa kale. Zikatero tiriga yake imakhala yaifupi ndi yofewa, mumangoigusa pang'ono mfuti n'kulira. Ya Glock ndi ina. Imafuna mphamvu yokwana pafupifupi makilogalamu awiri ndi theka, imayamba ndi kuyenda mofewa, kenaka imafika polimba, ndipo mpaka mutapyola polimbapo m'pamene imawomba. Tangoganizani: mukukoka ndi mphamvu yoposa katatu kulemera kwa mfutiyo, ndi chala chimodzi, uku mukufuna kuti mpope usasunthe. Munthu wochokera pa tiriga ya CZ n'kugwira ya Glock mphindi yomweyo, sizingalephere, aiona ngati yoipa.

Tsopano nkhani ya pansi chakumanzere, imene ndi yaikulu pa zonse. Simunanene dzanja limene mumagwiritsa ntchito, koma malo amene zipolopolo zikugwerawo akundiuza kuti ndinu wamanja. Mukanakhala wamanzere, bwenzi mukudandaula za pansi chakumanja. Pali zinthu ziwiri zimene zimachitika nthawi imodzi. Choyamba, thupi limadziwiratu kuti kukubwera phokoso ndi kukankha, ndiye mfuti isanalire dzanja limaikankhira pansi kuti lilimbane nako, ngati mwana amene amalimbitsa thako singano ya jakisoni isanamufike. Wowomberayo sadziwa kuti akuchita zimenezi, chifukwa kudumpha kwa mfuti kumaphimba zonse. Ambiri amaphethiranso maso pa mphindi yomweyo. Chachiwiri, zala za munthu zimakonda kugwira ntchito limodzi. Chala cholozera chikamakoka tiriga, zala zitatu zapansi nazo zimafinya, ndipo kufinya kumeneko kumapotozera mpope kumanzere ndi pansi. Kukoka mwamphamvu mwadzidzidzi, pamene mwaona kuti saiti yafika pakati n'kufuna kuwomba isanachokepo, kumawonjezera vutolo.

Kusuntha kumene kumafunika kuti muphonye ndi kochepa modabwitsa. Pa Glock 19, kuchokera pa saiti yakumbuyo kufika pa yakutsogolo pali mamilimita pafupifupi 153. Mukawerengera, kupotoka kwa milimita imodzi yokha pa saiti kumasanduka masentimita 6 ndi theka pa chandamale cha pa mamita 10. Mamilimita awiri, mwaphonya ndi masentimita 13. Palibe amene angamve m'dzanja kuti mpope wayenda mamilimita awiri pamene mfuti ikulira.

Musakhulupirire ine, kaziyeseni. Mukabwerera ku renji, pemphani mlangizi wa pamenepo kapena woyang'anira renji awombere zipolopolo zisanu ndi Glock yanuyo, pa mtunda womwewo, ndi zipolopolo zomwezo. Kenaka inuyo mukhale pansi, mutsamiritse manja pa thumba la mchenga kapena pa chikwama, muwombe zisanu pang'onopang'ono. Zikagwera pakati, mlandu wa mfuti watha. Koma kuyesa kumene ndimakukonda kuposa konse n'kwa chipolopolo chabodza. M'masitolo a mfuti amagulitsa zipolopolo zopanda onga, zophunzirira. Mupatseni mnzanu uja magazini, asakanize zabodza ziwiri kapena zitatu pakati pa zenizeni inu musakuona. Mukafika pa chabodza, tiriga idzangoti tche, mfuti osalira, ndipo mudzaona ndi maso anu mpope ukugwadira pansi. Anthu amaseka okha akaona zimenezi. Ena amakana mpaka ataziona kawiri.

Mankhwala ake sadula. Ndi kukoka tiriga mfuti ilibe chipolopolo, kunyumba, mphindi zowerengeka masiku angapo pa sabata. Glock ndi yololera zimenezi. Muchotse magazini, mukoke silaidi, muyang'ane m'chemba (mmene chipolopolo chimakhala, kumayambiriro kwa mpope) ndi maso n'kupisamonso chala, zipolopolo zonse muzisiye m'chipinda china, ndipo muloze ku khoma la njerwa limene kuseri kwake kulibe munthu. Imikani chigoba chopanda kanthu kapena ndalama yachitsulo pamwamba pa silaidi chakutsogolo, mukoke tiriga mpaka ilire tche popanda chinthucho kugwa. Chala chikoke molunjika kumbuyo, mphamvu izikwera pang'onopang'ono. Dzanja lamanzere ndilo ligwire zolimba, lamanja limasuke pang'ono kuti chala cholozera chiyende chokha. Maso akhale pa saiti yakutsogolo, osati pa chandamale. Chandamale chizioneka mwachimbuuzi. Mukamaliza, nenani mokweza kuti mwamaliza, n'kubweza mfuti musefa. Ngozi zambiri za maphunziro amenewa zimachitika munthu atabwezeramo zipolopolo n'kuganiza zoyesanso kamodzi komaliza.

Mukasuntha saiti lero monga akunenera mnzanuyo, mudzakhala mwaikonzera mfuti kuti igwirizane ndi cholakwika chanu. Pakatha mwezi dzanja lidzakhazikika, ndipo mudzayamba kuphonyera kumanja. Komanso saiti yakumbuyo ya Glock wamba imangoyenda cham'mbali, sikwera kapena kutsika, ndiye vuto la pansilo silingathe. Ndi yapulasitiki, ndipo ndaonapo zambiri zitaphwanyidwa ndi anthu ozigogoda ndi msomali ndi hamala. Ngati anthu awiri odziwa awombera motsamiritsa ndipo onse akuponyabe mbali imodzi, apo ndiye pitani nayo kwa wokonza mfuti, ali ndi chida chokankhira saiti. Lamulo lake n'losavuta: saiti yakumbuyo imasunthidwira kumene mukufuna kuti chipolopolo chipite.

Pali kanthu kena kakang'ono koti muone. Lozani chinthu chakutali ndi chala maso onse ali otsegula, mutseke lamanzere, kenaka mutsegule n'kutseka lamanja. Diso limene chala chimakhalabe pa chinthucho ndilo lolamulira. Alipo anthu amanja amene diso lawo lolamulira ndi lamanzere. Si matenda, mumangotembenuza mutu pang'ono kuti diso limenelo likhale kumbuyo kwa saiti.

Za chigoba chokakamira. Pisitolo yotere imadzichotsera yokha chigoba ndi kudzilowetsera chipolopolo china pogwiritsa ntchito mphamvu ya kuwombako. Silaidi iyenera kuthamangira kumbuyo mpaka kumapeto pamene thupi la mfuti laima nji. Ngati mkono wafooka pa mfundo ya dzanja, thupi la mfuti nalo limabwerera limodzi ndi silaidi, mphamvu imatayika, silaidi imabwerera msanga n'kupana chigoba chisanatuluke. Mfuti yopepuka ndiyo imavutika kwambiri ndi zimenezi, n'chifukwa chake CZ sinachite. Onjezerani kuti sipuling'i ya mfuti yatsopano imakhala idakali yolimba, komanso kuti zipolopolo zotchipa za ku renji nthawi zambiri zimakhala zopepuka, za magireni 115 (gireni ndi muyeso wa kulemera kwa mutu wa chipolopolo), zina zodzazidwanso kachiwiri ndi onga wochepa. Zitatuzi zikakumana, kukakamira kawiri pa 50 sikundidabwitsa. Gwirani mfuti m'mwamba kwambiri, khungu la pakati pa chala chachikulu ndi cholozera likanikize pansi penipeni pa mchira wa mfuti, pasatsale mpata. Dzanja lamanzere lidzaze malo onse otsala pa chigwiriro. Limbitsani mfundo za manja, weramirani kutsogolo pang'ono. Ndipo ulendo wotsatira mugule zipolopolo za ku fakitale za magireni 124. Ndingadabwe ngati vutolo litabweranso.

Chenjezo limodzi pa kagwiridwe: chala chachikulu chamanzere chisadutse kumbuyo kwa silaidi. Silaidi ikabwerera imacheka ngati mpeni.

Silaidi yosatsalira kumbuyo magazini ikatha, kawirikawiri wolakwa ndi chala chachikulu chamanja. Chimagona pa kachitsulo kogwira silaidi kam'mbali kaja, n'kukakanikizira pansi. Kuti mudziwe, ikani chipolopolo chimodzi m'magazini, muwombe ndi dzanja limodzi chala chachikulu chili pansi. Ikatsalira kumbuyo, mwapeza yankho, ingosunthani chalacho chigone pamwamba pa dzanja lamanzere. Ikapanda kutsalira, yesani magazini ina. Ndipo lembani manambala pansi pa magazini anu onse, 1, 2, 3, kuti vuto likabwera muzidziwa kuti linali pa iti. Mavuto ambiri amene anthu amanamizira pisitolo amakhala a magazini imodzi.

Chigoba chomenya pamphumi, chimenecho ndiye sindikuikira kumbuyo Glock. Ndi dandaulo lodziwika pa mfuti zimenezi, makamaka ndi zipolopolo zofooka komanso magazini ikamatha. Kugwira zolimba kumachepetsa. Valani magalasi ndi chipewa chakhonde, ndi malaya otseka pakhosi, chifukwa chigoba chimatuluka chotentha, ndipo munthu chikamulowa m'malaya amayamba kuvina mfuti ili m'manja. Kuvinako ndiko koopsa, osati kupsako.

Ndiye mfuti yolakwikadi imaoneka bwanji? Ngati mlangizi wodziwa, ndi zipolopolo za ku fakitale, ndi magazini osiyanasiyana, ikumukakamirabe mobwerezabwereza, imeneyo ibwerere kwa amene anakugulitsani. Ngati tiriga sikubwerera yokha mukaimasula, ngati mfuti yawomba kawiri mutakoka kamodzi, ngati zigoba zikutuluka zotupa kapena zong'ambika, ngati zipolopolo zikuboola pepala cham'mbali m'malo mwa bowo lozungulira, ngati mwaona mng'alu pa silaidi kapena pa thupi, siyani kuwombera pomwepo. Musayese kupala kapena kukonza nokha, mungataye chitsimikizo cha kampani.

Pali zinthu ziwiri zimene munthu aliyense woyamba ayenera kuzidziwa asanabwerere ku renji, ngakhale sizinakuchitikireni. Mukakoka tiriga n'kungomva tche pa chipolopolo chenicheni, mpope ukhalebe wolozera ku chandamale kwa masekondi 30, chifukwa onga wina umachedwa kuyaka. Choopsa kwambiri ndi pamene mfuti yalira mofooka, phu m'malo mwa phokoso lake, osakankha bwino. Apo mwina chipolopolo chatsakamira mu mpope. Mukawomba china pambuyo pake, mpope ukhoza kuphulika m'manja mwanu. Imani, chotsani magazini, itanani woyang'anira renji, mpope uonedwe. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi zipolopolo zodzaza anthu kunyumba, ndipo ine sindiika mu mfuti yanga zipolopolo zodzaza munthu amene sindikumudziwa, ngakhale zitatchipa bwanji. Pogula muziwerenganso pa bokosi. 9 mm Luger, 9 mm Parabellum ndi 9x19 ndi chipolopolo chimodzi, chimene Georg Luger anapanga kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Koma chimene kuno amachitcha 9 mm Short ndi china, chachifupi, si cha mfuti zanuzi.

Sikuti tsiku loyamba silinena zoona pa chilichonse. Zilipo zimene limanena ndipo sizidzasintha ngakhale mutawombera zipolopolo masauzande. Kodi chala chanu chikufika bwino pa tiriga popanda kupotoza dzanja pa chigwiriro? Kodi mukutha kukoka silaidi mosavutika? Kodi mukufika pa batani lochotsera magazini? Kodi saiti mukuiona bwino ndi maso anuwo? Ngati Glock yanu ndi ya Gen4 kapena Gen5, kutanthauza mtundu wachinayi kapena wachisanu wa kapangidwe kake, m'bokosi muli timapulasitiki tokulitsira msana wa chigwiriro, yesani kuti muone kukula kumene kukukhalani. Mfuti imene sikwana m'dzanja, imeneyo ndiyo ndingamvetse munthu akafuna kuisintha. Koma inu simunadandaule za zimenezo.

Tsopano ndikuuzeni mbali ya CZ imene simunakumane nayo. Bwezerani hamala kutsogolo, mfuti ilibe chipolopolo, mukoke tiriga. Mudzapeza kuti ulendo wake ndi wautali, wolemera kuposa wa Glock, ndipo tiriga imayambira kutali moti a zala zazifupi amavutika kuifikira. M'mipikisano ina, kuwomba koyamba kumayenera kuyambira pamenepo, kenaka zotsatira n'kukhala zofewa, ndiye chala chiyenera kuphunzira makokedwe awiri. Vuto lina n'lakuti 75 B ilibe kachitsulo kotsitsira hamala mosaopsa; kameneko kali pa 75 BD. Pa yanuyo, kutsitsa hamala chipolopolo chili m'chemba kumafuna kuigwira ndi zala uku mukukoka tiriga, ndipo ikapulumuka mfuti ikhoza kulira. Zimenezi muphunzire pamaso pa mlangizi, osati pa vidiyo, ndipo muyambe ndi mfuti yopanda kanthu. Silaidi yake imayenda m'kati mwa thupi la mfuti, zimene anthu ambiri amazitamanda, koma zimasiya malo ochepa ogwira poikoka, ndipo manja akakhala ndi thukuta mudzazimva. Ma CZ amadziwikanso kuti sakonda zipolopolo zina zazitali mutu. Mukagula mtundu watsopano, chotsani mpope, muponyemo chipolopolo chimodzi m'chemba. Chiyenera kulowa chokha mpaka pansi, ndipo mukazondotsa mpope chigwe chokha.

Chimene chikundidetsa nkhawa m'kalata yanu si Glock, koma chikondi chanu pa CZ. Ndikudziwa mmene zimathera. Munthu amapita ku renji ndi mfuti imene imamusangalatsa, imene imamupatsa pepala lokajambula n'kutumizira anzake pa WhatsApp, ndipo inayo imangogona m'holisita, kachikwama kake ka m'chiuno, osawombedwa. Chonsecho imene ili pa laisensi ya chitetezo, imene mudzayende nayo m'chiuno, ndi Glock. Ngati tsiku loipa lidzafike, Mulungu aletse, idzakhala m'manja mwanu ndi imene simuidziwayo. Ndiye kwa miyezi ingapo ikubwerayi ndingakonde kuti pa zipolopolo zinayi zilizonse, zitatu zipite mu Glock. Muziyamba ndi iyo manja asanatope, CZ ibwere kumapeto. Yambirani pafupi, mamita 3 kapena 5, mpaka mabowo azikhudzana, kenaka muzitalikira. Mamita 10 pa tsiku loyamba anali ambiri. Ndipo zipolopolo 50 zowombedwa mwachifatse zimaphunzitsa kuposa 200 zongopopera, chifukwa munthu akatopa kudzidzimuka kuja kumabwerera, n'kumaphunzira cholakwikacho.

Musanaidalire pa chitetezo, ndikufuna muidutsitse zipolopolo mazana angapo popanda kukakamira, m'magazini onse, ndipo pomaliza muwombereko bokosi la zipolopolo zimene mudzayende nazo. Za chitetezo zimakhala ndi mutu wobowoka, ndipo kalowedwe kake m'chemba kamasiyana ndi ka zozungulira mutu za ku renji. Ndi zodula, ndikudziwa, koma kuyenda ndi zipolopolo zimene mfuti yanu sinalawepo n'kungoyerekeza. Apa kumbukirani lamulo. Firearms Control Act ya 2000, lamulo la mfuti la South Africa, silola munthu kusunga zipolopolo zopitirira 200 pa mfuti iliyonse imene ali nayo laisensi, pokhapokha akhale wamasewera kapena mlenje wovomerezeka pansi pa gawo 16, kapena apatsidwe chilolezo chapadera. Koma zimene mwagula n'kuwombera pa renji yovomerezeka sizilowa m'chiwerengero chimenecho, choncho maphunziro anu sangaime chifukwa cha malire amenewa.

Kugulitsa kumene akunena mnzanuyo, mwina iye sanayesepo. Ku South Africa laisensi ndi ya mfuti imodziimodzi, yolembedwa nambala yake. Wogula ayenera kupempha laisensi yake n'kudikira, inunso mukafuna ina mudzayambiranso kwa wapolisi woona za mfuti wa ku siteshoni yanu, kulemba zifukwa, n'kudikira a Central Firearms Registry, ofesi yaikulu ya apolisi yoona za malaisensi a mfuti, monga munadikirira poyamba. Mtengonso udzatsika chifukwa yakhala yogwiritsidwapo kale ntchito. Ndalama imene mungataye pamenepo ikhoza kulipira mlangizi maulendo angapo. Maphunziro amene munachita kuti mupeze satifiketi ya competency, yosonyeza kuti ndinu woyenera kukhala ndi mfuti, amaphunzitsa lamulo ndi kagwiridwe kosaopsa, koma sakupangani kukhala wodziwa kuwombera, ndipo ambiri amasokoneza ziwirizi. Pamene tili pa malaisensi, lembani penapake masiku ake: ya chitetezo, ya gawo 13, imatha pa zaka 5, ya masewera, ya gawo 15, pa zaka 10, ndipo pempho lowonjezera liyenera kulowa kusanatsale masiku 90 kuti ithe.

Simunanene ngati munazipukuta musanapite nazo ku renji. Mfuti yatsopano imabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri, osati ofewetsa, ndipo yanu yakhala m'sefa ya sitolo miyezi yonse imene mumadikira laisensi. CZ imafika itanyowa ndi mafuta amenewa. Ipukuteni, mudutsitse kansalu mu mpope, muike mafuta atsopano m'njira za silaidi. Glock imafuna timadontho towerengeka basi, m'malo amene buku lake lasonyeza, ndipo m'njira ya kachitsulo komenya chipolopolo musalowe mafuta. Girizi wofiirira ngati kopa amene mumuone m'kati mwa silaidi ndi wa ku fakitale, musiyeni atha yekha. Pomasula Glock m'pamene pali msampha: kuti silaidi ichoke, muyenera kukoka tiriga. Anthu ambiri adziwombera m'dzanja kapena m'mwendo pa mphindi imeneyi. Magazini ichoke choyamba, kenaka mukoke silaidi, muone m'chemba kawiri. Mukasemphanitsa, kukoka silaidi magazini ili momwemo, mwalowetsa chipolopolo ndi manja anu. Glock ilibenso batani lakunja la sefite, lotsekera mfuti kuti isawombe. Pa zoteteza zake zitatu, ziwiri zili m'kati, chimodzi chili pa tiriga penipenipo, ndipo zonse zimamasuka tiriga ikakokedwa, choncho holisita ikhale yolimba, yophimba tiriga yonse, ndipo pobwezeramo mfuti muzionetsetsa kuti malaya kapena chingwe cha jekete sichinalowemo.

Makutu musawaiwale. Pisitolo ya 9 mm imalira kufika cha m'ma desibelo 160 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), pamene phokoso la 140 likhoza kuwononga khutu kamodzi kokha, ndipo khutu likawonongeka silibwerera. M'renji ya m'nyumba valani ziwiri, totsekera tam'kati ndi zikuluzikulu zapamwamba. Mudzaona kuti phokoso likachepa, kudzidzimuka kuja nako kumachepa, ndiye mwapindula pawiri. Utsi ndi fumbi la ku renji zimakhala ndi mtovu. Musadye kapena kusuta muli pamenepo, sambani m'manja ndi sopo, ndipo ngati kunyumba kuli ana aang'ono kapena mayi woyembekezera, zovala za ku renji muzivule musanawakumbatire, zichapidwe pazokha.

Popeza Disembala ambiri timalowera kumudzi, ndinene izi musanafunse. Laisensi yanu imathera pa malire a South Africa. Kukwera basi kapena galimoto ndi pisitolo kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka ku Mwanza ndi kudutsa m'malamulo a mayiko anayi, ndipo lililonse limafuna zilolezo zake, kuyambira chotulutsira mfuti cha apolisi a ku South Africa komweko. Ku Malawi mfuti zili pansi pa lamulo lakelake, ndipo kupezeka nayo popanda chilolezo cha kumeneko ndi mlandu wa kundende. Isiyeni m'sefa yanu yomangiriridwa kukhoma, makiyi muyende nawo. Ngati nyumba itsale yopanda munthu nthawi yaitali, funsani wapolisi woona za mfuti za kasungitsidwe kwa wogulitsa mfuti kapena kwa munthu wina wa laisensi, polemberana kalata yovomerezeka. Kungomusiyira m'bale kuti akusungireni pansi pa matiresi kukhoza kukulanditsani mfuti zonse ziwiri, ndipo ikabedwa kapena kusowa muyenera kukanena kupolisi pasanathe maola 24.

Ulendo wotsatira mutenge Glock, zipolopolo za ku fakitale za magireni 124, zabodza zitatu, magazini olembedwa manambala ndi cholembera. Pa pepala lililonse mulembe mtunda, mtundu wa chipolopolo ndi magazini imene munagwiritsa ntchito. Mlangizi awombe zisanu zoyamba. Mukatero munditumizire zithunzi za mapepalawo, pamodzi ndi chithunzi cha manja anu mutagwira mfuti yopanda chipolopolo, chojambulidwa kuchokera kumanzere, kuti ndione pamene zala zazikulu zikugona.